NYALI ZOONJEZA PA VANETI: ZOFUNIKA KU CHIRE, ZOOPSA PA TARA

Dzuwa likangolowa kuseri kwa mapiri a ku Kacholola, mseu waukulu wa Great East, umene umacokera ku Lusaka kupita ku Chipata, umasanduka mseu wina. Makona ace amene masana amaonekera patali amabisala mumdima, ndipo m'mbali mwa tara mumayamba kuyenda anthu ocokera ku msika wa Nyimba, ena pa njinga zopanda nyali, ena pa ngolo za ng'ombe, ena pansi atasenza nthoci zimene sizinagulidwe. Nthawi imeneyi ndi pamene pamatulukira kuwala koyera ngati mphezi, kocokera pa vaneti imene mwini wace anaimangira nyali zoonjeza pamwamba ndi kutsogolo. Woyendetsa vanetiyo amaona zonse mpaka masamba a mitengo, koma amene akudza kutsogolo kwace saona kanthu ngakhale pang'ono.

Nkhani ya nyali zimenezi iri pakamwa pa anthu ambiri m'maboma a Petauke ndi Nyimba. Oyendetsa mabasi ndi malole amadandaula kuti zimawathobwa m'maso, pamene eni mavaneti amayankha kuti munthu amene sanayendepo usiku mseu wa kwa Luembe kapena wa kwa Sandwe sadziwa cimene akunena. Kunena zoona mbali zonse ziwiri ziri ndi mfundo, ndipo ndi cifukwa cace nkhaniyi iyenera kulongosoledwa bwino.

Kupatula mseu wa Great East ndi miseu yocepa ya m'matauni, miseu yambiri ya m'dera lino ndi ya fumbi. Kucokera pa Nyimba njira zimatsika kulinga ku cigwa ca Luangwa, kwa Mfumu Luembe, kwa Mwape ndi kwa Nyalugwe. Kucokera pa Petauke ina imapita kumpoto kudzera ku Old Petauke, ina kum'mwera kwa Mwanjawanthu, kufupi ndi malire a Mozambique. M'miseu yotere vaneti ndiyo basi, ndiyo yonyamula feteleza ndi cimanga, ndiyonso yonyamula maliro. Ndipo mai woyembekezera akadwala pakati pa usiku, banja limathamangira kwa mwini vaneti kuti awaperekeze ku cipatala ca Nyimba, ku Minga kapena ku Kalindawalo. Ulendo wotere sudikira kuti kuce. Woyendetsa ayenera kuona dzenje, citsa, mbuzi yogona pa mseu, kapena kamlatho kamene madzi anakagumula dzulo, akali patali. Cotero munthu amene afuna kuonjeza kuwala pa galimoto yace sali wopusa konse.

Kale nkhani yotere kunalibe. Mlatho waukulu wa pa Luangwa unatsegulidwa m'caka ca 1968, caka comweco cimene kampani ya Toyota ku Japan inatulutsa vaneti yoyamba ya Hilux. Pa zaka zotsatira, magalimoto amene anali kunyamula matumba a makilogalamu 90 kupita ku misika ya NAMBOARD, monga Land Rover, Peugeot 404 ndi Datsun, anali ndi nyali ziwiri zofiirira, ndipo mankhwala a mdima anali amodzi okha, ndiwo kuyenda pang'onopang'ono. Babu la halojeni la H4, limene likali m'mavaneti ambiri mpaka lero, linatuluka m'caka ca 1971. Kusintha kwakukulu kunadza pamene akatswiri atatu a ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, anapeza njira yopangira LED ya buluu, imene inatsegula khomo la nyali zoyera zosadya magetsi ambiri. Anthuwa analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 2014. Kucokera pa nzeru imeneyo kunabadwa nyali zazitali ngati mpini wa khasu zimene tsopano zimagulitsidwa m'masitolo a zitsulo za galimoto, pa mtengo umene mlimi wogulitsa bwino nshawa zace angakwanitse.

NTHENDA IMAYAMBIRA M'MAWAYA

Amakaniko odziwa nchito yao amayamba afunsa cifukwa cimene nyali zimene galimoto inabwera nazo zalekera kuwala. Nthawi zambiri vaneti imene mwini wace akuti iribe maso imakhala kuti ikudwala matenda ocizika ndi ndalama zocepa.

Galimoto zimenezi zimayendera magetsi a mavolti 12. Batire labwino, injini itazima, limaonetsa mavolti 12.6, ndipo injini ikamalira, alitaneta iyenera kukweza mphamvuyo kufika pafupifupi mavolti 14. Lamba wa alitaneta akakhwepa, kapena mitu ya batire ikacita cuku coyera cija, mphamvu yofika ku nyali imacepa. Malo ena amene nthenda imabisala ndi pa waya wa ethi, uja amamangidwa ku citsulo ca galimoto. Matope a m'dzinja akalowa pamenepo pamacita dzimbiri, ndipo magetsi amadutsa mobvutika. Babu la halojeni silipirira zimenezi. Mphamvu ikatsika ndi gawo limodzi mwa magawo 10, kuwala kwace kumatsika ndi pafupifupi magawo 3 mwa magawo 10. Munthu angagule nyali zatsopano kaamba ka dzimbiri limene akadapala ndi sandipepa pa mphindi zowerengeka.

Kenaka pali galasi lenileni la nyali. Mavaneti a masiku ano ali ndi magalasi a pulasitiki amene dzuwa ndi fumbi zimawasandutsa acikasu, ndipo amenewa amatheka kupukutidwa mpaka kuyeranso. Koma cowalitsira ca m'kati cikacita dzimbiri kapena cikasupuka cifukwa ca madzi olowa, palibenso mankhwala koma kugula nyali ina. Poika babu latsopano la halojeni, munthu asagwire galasi lace ndi zala, pakuti mafuta a m'manja amalipsereza msanga.

Pali mcitidwe wina umene wafala, wocotsa babu la mawati 60 ndi 55 limene kampani inaika ndi kuikamo la mawati 100. Babu lotere limatentha kwambiri, limasungunula soketi, ndipo limadetsa cowalitsira. Ena amaikamo babu la LED m'nyali imene inapangidwira halojeni. Kuwala kumaoneka kwambiri munthu akaimirira pafupi, koma kumamwazikana ponseponse m'malo molunjika pa mseu, cotero woyendetsa saona patali koposa kale, pamene mnzace wodza kutsogolo akubvutika.

MATUMBA 20

Cinthu cimene eni mavaneti ambiri saciganizira ndi katundu. Vaneti zambiri zinapangidwa kuti zinyamule pafupifupi tani imodzi, ndiye kuti matumba 20 a cimanga a makilogalamu 50, kuwerengera pamodzi ndi anthu okwera. Koma pa nyengo yogulitsa mbeu, pamene aliyense akuthamangira ku msika wa Food Reserve Agency kapena kwa ogula thonje, ndi ocepa amene amaima pa 20. Pamwamba pa matumba pamakhalanso eni cimanga, njinga zao ndi nkhuku.

Katundu akaculuka, masipuling'i a kumbuyo amagona pansi, mphuno ya galimoto imatukuka, ndipo nyali zimaloza kumwamba. Ngakhale woyendetsa atacha dimu, kuwala kumalowa m'maso mwa anzace ngati kuti wayatsa fulu, ndipo iye mwini amaunika nthambi za mitengo m'malo mwa mseu. Vaneti imene yanyamula mopitirira kwa zaka zingapo imakhala yotero ngakhale iribe katundu, cifukwa masipuling'i ace anatopa kale. Galimoto zina ziri ndi kagudumu kakang'ono pafupi ndi ciongolero kotsitsira nyali pamene katundu walemera, koma ambiri amayenda zaka osadziwa nchito yace.

Kuyesa nyali sikufuna makina. Usiku munthu aimike galimoto pamalo osalala, mamita 10 kucokera ku khoma, ndipo ayese kutalika kwa pakati pa nyali kucokera pansi. Alembe mzere pa khoma pa msinkhu womwewo. Akayatsa dimu, malire a kuwala ayenera kugwera pafupifupi masentimita 10 pansi pa mzerewo, ndipo mbali yokwera ya kuwalako ikhale ku manzere, kumene kumayenda a pansi ndi a njinga. Kuseri kwa nyali kuli tizomangira tokwezera ndi kutsitsira. Ndi bwino kuyesa kawiri, galimoto iri yopanda kanthu ndiponso itanyamula katundu amene imanyamula masiku onse.

KAMANGIDWE KOYENERA

Zonsezi zikakonzedwa, ndipo mwini galimoto akaona kuti maulendo ace a ku cigwa afunabe kuwala koonjeza, apo ndi pamene nkhani yogula nyali iyenera kuyamba. Ndipo pamenepa ndi pamene galimoto zambiri zimaonongekera.

Masamu ace ndi apafupi. Mawati a nyali akagawidwa ndi mavolti 12, yankho lace ndi maampu amene adzadutsa mu waya. Nyali ziwiri za halojeni za mawati 100 iriyonse zimakoka pafupifupi maampu 17. Nyali yaitali ya LED ya mawati 120 imakoka maampu 10, ngakhale kuti manambala olembedwa pa makatoni a nyali zochipa nthawi zambiri amakhala okokomeza. Swici ya nyali imene galimoto inabwera nayo ndi mawaya ace aang'ono sizinapangidwire katundu wotere. Mnyamata wa pa msika amene amangosenda waya wa nyali ndi kupotera wina pamenepo, nkukulunga ndi pepala la pulasitiki, wachera moto umene udzayaka tsiku lina pakati pa chire, kutali ndi madzi.

Njira yoyenera ndi kudzera pa rileyi, kabokosi kakang'ono ka miyendo inai yolembedwa 30, 85, 86 ndi 87. Waya wonenepa acokere ku batire, adutse pa fyuzi yoikidwa pafupi kwambiri ndi batirelo, afike pa mwendo wa 30, ndipo kucokera pa 87 apite ku nyali. Miyendo ya 85 ndi 86 ndi yongolamulira, ndipo imakoka magetsi ocepa. Umodzi upite ku citsulo ca galimoto, winawo utenge mphamvu ku waya wa fulu kudzera pa swici yapadera ya m'kati. Kamangidwe kameneka ndiko kofunika koposa zonse m'nkhani ino. Nyali zoonjeza zikamangidwa motero sizingayake pokhapokha fulu itayaka, ndipo woyendetsa akangocha dimu, zonse zimazima nthawi imodzi. Amene anaika swici yoima payokha amayamba kufufuza ndi dzanja mumdima pamene basi yafika kale pamphuno.

Fyuzi ikapsa, ndiye kuti yacita nchito yace, ndipo munthu afunefune comwe caipsereza. Cizolowezi coikapo kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya capsereza galimoto zambiri. Paliponse pamene waya akudutsa pa bowo la citsulo paikidwe mphira, cifukwa mseu wa fumbi wa timizere tonga malata umagwedeza galimoto tsiku lonse mpaka citsulo cimaceka waya. Kugwedezeka komweko kumamasula mabauti a nyali, cotero ayenera kukungidwa kawirikawiri. Ndiponso nyali zazikulu zisachinge rediyeta. M'mwezi wa Okutobala, vaneti yolemedwa yokwera mapiri ocokera ku Luangwa imafuna mphepo yonse imene ingapeze.

FUMBI NDI UTSI

Nyali zoonjeza ziri za mitundu iwiri. Zina zimaponya kuwala patali m'kanjira kopapatiza, zina zimamwaza kuwala m'mbali koma pafupi. Anyamata amakonda zoponya patali, komatu m'miseu yokhotakhota ya kwa Mwape, kumene galimoto siipitirira makilomita 30 kapena 40 pa ola, kuona patali kulibe phindu lalikulu. Cofunika kumeneko ndi kuona m'mbali, kumene kumatulukira ng'ombe, ndi pansi pomwe pali miyala.

Malo omangapo nawonso ali ndi nkhani. Nyali ya pamwamba pa denga imakongola masana, koma usiku imawalira pa boneti ndi kubwezera kuwala m'maso mwa mwini wace. Kuyambira mwezi wa Ogasiti mpaka mvula itagwa, mpweya wa dera lino umadzaza fumbi ndi utsi wa chire lopsa. Kuwala koyera kocokera pamwamba kukagunda fumbi limeneli kumaima ngati khoma la ufa patsogolo pa galasi, makamaka pamene munthu akutsata galimoto inzace. Nyali zomangidwa m'munsi, pa bampala, zimadutsa pansi pa fumbi ndipo zimaonetsa mithunzi ya maenje, pamene ya padenga imafafaniza mithunziyo mpaka dzenje kuoneka ngati pansi posalala. Oyendetsa ambiri akale amakonda kuwala kwacikasu m'fumbi ndi m'mvula cifukwa sikutopetsa maso.

PA TARA

Tsono vaneti ija ikatuluka m'chire ndi kulowa mu Great East, nyali zoonjeza ziyenera kupumula paliponse pamene pali galimoto ina, njinga kapena mudzi. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Woyendetsa basi akathobwa m'maso kwa masekondi atatu okha, wayenda mamita 66 asakuona. Pa mtunda umenewo pangakhale ngolo, pangakhale mwana wa sukulu, kapena basiyo ingacoke kumbali yace nkulowa kumbali ya vaneti yomwe yaithobwayo. Mwini nyali zowala koposa ndiye amayamba kulandira cimene watumiza.

Palinso msampha wina. Munthu amene wazolowera kuwala kwakukulu amakweza liwiro, ndipo akacha dimu mwadzidzidzi maso ace amatenga nthawi kuti azolowere mdima. Pa liwiro la makilomita 80, galimoto ya mabuleki abwino pa tara youma imafuna mamita oposa 50 kuti iime, ndipo nyali za dimu sizimaunika patali kwambiri kuposa pamenepo. Vaneti yolemedwa ndi cimanga imafuna mtunda woposa apo. Cotero kucha dimu kuyenera kuyendera pamodzi ndi kucotsa phazi pa mafuta.

Boma lakhala likuona kuopsa kwa maulendo a usiku kwa nthawi yaitali. Bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pa mseu la m'caka ca 2002, limayesa nyali pamene galimoto ikupimidwa ngati iri yoyenera kuyenda, ndipo m'caka ca 2016, ngozi za mabasi zitaculuka, Boma linaika lamulo loletsa mabasi kuyenda kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa. Munthu wofuna kumanga nyali zoonjeza angacite bwino kuyamba wafunsa ku ofesi ya bungweli, kusiyana ndi kukamva za lamulo pa rodibuloko.

Iwo amene amayenda kulinga ku cigwa akumbukirenso kuti madera a Sandwe ndi West Petauke ndi malo osungiramo nyama. Lamulo la nyama za kuchire la m'caka ca 2015 limaletsa kusaka nyama usiku ndi nyali, cotero vaneti yopezeka kumeneko usiku ndi nyali yamphamvu yoyendetsa ndi dzanja ingafunsidwe mafunso ndi asilikali a nyama. Ndipo njobvu ikaima pa mseu, kuiwalitsira m'maso ndi kuiyimbira hutala kungaikwiyitse. Odziwa njira zimenezo amaima patali, amacha dimu, nkudikira kuti idutse yokha.

KUMBUYO KWA GALIMOTO

Codabwitsa ndi cakuti vaneti zambiri zonyamula nyali zinai kapena zisanu kutsogolo zimakhala ndi nyali imodzi yokha yofiira kumbuyo, mwina osakhala nayo konse. Matumba ndi mapazi a okwera amaswa magalasi ace, matope amakwirira zotsala, ndipo mwini wace sadziwa cifukwa sayenda kumbuyo kwa galimoto yace. Komatu lole yocokera ku Mwami kapena ku Chanida, yotsika phiri ndi katundu wa matani ambiri, imadalira kababu kofiira kameneko kuti idziwe kuti patsogolo pali munthu. Malamulo a dziko lino amafuna zonyezimira zoyera kutsogolo ndi zofiira kumbuyo, pamodzi ndi matirayango awiri oika pa mseu galimoto ikafa. Nthambi za mitengo zimene anthu amayala pa tara zimathandiza masana, koma usiku siziwala, ndipo ambiri amazisiya pomwepo akacoka. Eni ngolo za ng'ombe naonso angadzipulumutse pokhomera zonyezimira zofiira kumbuyo kwa ngolo zao.

Zina zonse zosamalira vaneti ya m'miseu ya fumbi ndi zodziwika kale kwa eni ace: kukuntha sefa ya mpweya, kukunga mabauti a masipuling'i, kuyesa mpweya wa m'matayala pamodzi ndi la sipeya, ndi kupopera girisi pambuyo pa kuoloka madzi. Koma mvula ikayandikira m'mwezi wa Novembala, mbali ya magetsi imafuna diso lapadera. Molumikizira mawaya monse mupakidwe girisi wocepa kuti madzi asalowe, mphira za kuseri kwa nyali zibwezeredwe m'malo mwace, ndipo rileyi imangidwe pamwamba, miyendo yace italoza pansi. Woyendetsa akafika pa mtsinje wodzaza usiku, azime nyali zoonjeza za halojeni ndi kudikira mphindi zingapo asanalowe, cifukwa galasi lotentha likakhudza madzi ozizira limang'aluka. Mphindi zomwezo ndi zokwanira kuti wina atsike ndi toci ndi ndodo, akayese kuya kwa madziwo.